Mathero Amene Tawina Anasintha

Linali Lachisanu masana, tsiku lokhalo pa sabata limene madamu ankalola Tawina kutuluka pa geti. Dzuwa la ku Doha linkaluma pakhosi, choncho anathamangira m'kanyumba kagalasi kodikiriramo basi kumapeto kwa dera la Nuaija, kumene ankagwira ntchito. M'katimo anapeza mnyamata wamtali, wovala nsapato zakuda za alonda, akulankhula pa foni mokweza ngati m'Qatar monse womva Chichewa ndi iye yekha.

"A Wickson atilakwira, aise," ankatero. "Akuti apeza mtsikana woti asewere ngati chibwenzi changa. Wa m'nyumba. Wongodziwa kukolopa ndi kunena kuti 'yes madam'. Ameneyo angalire pa siteji? Khalas, basi, sewero lafa."

Tawina anayang'ana zala zake zong'aluka ndi jiki. Mtsikana wa m'nyumbayo anali iye.

Onse awiri anakwera basi imodzi, anatsikira malo amodzi ku Al Doha Al Jadeeda, n'kukwera masitepe omwewo opita pamwamba pa kalesitilanti ka amwenye, kumene gulu la sewero linkakumana. Atafika pakhomo m'pamene mnyamatayo anatembenuka.

"Sorry, sister, this is private."

"Ndikudziwa," anatero Tawina m'Chichewa. "Patukani, achimwene. 'Yes madam' alowe."

Mnyamatayo anangoti kukamwa yasa. Sanapepese.

A Wickson, bambo wa imvi amene ankayendetsa galimoto ya kampani, anamulandira Tawina ndi manja awiri. Anamuonetsa anzake: Ibrahim wa mawu aakulu, Asiyatu wogwira ntchito ku hotela ya ku Al Nasr, ndi mnyamata wa pa basi uja, Gomezgani wa ku Rumphi.

Sewerolo linali loti likaonetsedwe pa chikondwerero cha Amalawi cha mwezi wa Julaye. Linkakamba za Edwin, mnyamata amene sukulu ya ku koleji ankamulipirira ndi mpira. Bondo lake linavulala, koma kochi ankamukakamiza kusewera fainolo, ndipo bambo ake anamuuza kuti akachotsedwa mu timu asabwerenso pakhomo. Edwin anayamba kubayitsa jakisoni mobisa, n'kumanamiza chibwenzi chake Flora, wophunzira za unamwino. Pamapeto, Edwin ali gone m'chipatala, Flora ankayenera kumukhululukira n'kumulonjeza kuti adzamudikira.

"Kuno sitilemba mawu papepala, mwanangu," anatero a Wickson. "Ine ndimapereka nkhani, pakamwa ndi panu. Monga timachitira kwathu."

Anayesa gawo loyamba. Gomezgani, monga Edwin, analowa akukoka mwendo, akubuula, nkhope itakwinyika. Tawina anayenera kulira, koma misozi sinabwere.

"Mwaona?" anatero Gomezgani, akuponya manja m'mwamba. "Waima ngati akudikira madamu amutume. Mupatseni anyezi, mwina angatithandize."

Ibrahim anaseka. Asiyatu, amene ankasoka jezi pakona, sanadzutse ngakhale mutu.

"Ndilire chiyani?" anafunsa Tawina motsitsa mawu. "Munthu wopwetekekadi satsimphina choncho. Amabisa. Amadikira anthu atembenuke kaye, ndiye n'kugwira khoma. Inu mukuonetsera ngati wopemphetsa pa depoti."

"Iwe ukudziwa chiyani za mpira?"

"Za mpira palibe. Koma bambo anga anadwala chaka chathunthu akutisekerera."

A Wickson anakanda chibwano.

"Gomezgani, tayesa momwe wanenera mwanayu."

"Ine ndiphunzitsidwe ndi wokolopa?"

"Yalla, tiye, tayesa."

Anakana. Anatenga chikwama chake n'kutsika masitepe, chitseko n'kuchimenyetsa.

Lachisanu lotsatira anakangananso, ndipo linzakelo sanapatsane n'komwe moni. Gomezgani ankamutchula "Yes Madam" pamaso pa onse. Tawina ankabwerera ku Nuaija mtima uli phuliphuli, ndipo m'mawa, asanayambe kutsuka bwalo, ankagwada m'kachipinda kake n'kupempha Mulungu amuchotsere chidani. Nanga munthu ungadane naye bwanji chonchi, pomwe nonse muli alendo m'dziko la eni?

Koma panali zinthu zing'onozing'ono zimene maso ake sankatha kuzilambalala. Gomezgani ndiye ankanyamulira a Wickson mipando osauzidwa. Ankadzaza botolo la madzi la mnyamata wa ku Nepal wotsuka mbale pansi paja. Ndipo tsiku lina, onse atatembenuka, Tawina anamuona akutsika masitepe atagwira khoma, mano atalumana.

Anamupeza pa siteji ya basi atakhala yekha.

"Ndi bondo lamanja, eti?" anafunsa.

Gomezgani anapinda buluku. Pa bondo panali chipsera chachitali, chokhala ngati zipi.

"Ndinali nambala naini ku koleji," anatero. "Kochi anandiuza kuti ndikapanda kulowa, ndiiwale za sukulu. Ndinalowa. Sindinamalize ngakhale gawo loyamba. Lero ndimatsegulira anthu zitseko pa mall."

"Ndiye n'chifukwa chiyani pa siteji mumachita zachibwana?"

"Chifukwa ndikachita zenizeni, ndilira. Ndipo sindifuna Ibrahim andione ndikulira."

Basi itafika, anapisa m'thumba n'kutulutsa kabotolo ka gilisilini.

"Ndakhala ndikuyenda nako masabata angapo. Ndimaona manja akowo. Uzidzola ukamaliza kuchapa."

Tawina anakalandira ndi manja awiri. Palibe munthu amene anayang'anapo manja ake chifikireni ku Doha.

Kuchokera pamenepo sewero linasintha. Edwin anasiya kubuula. Ankalowa akumwetulira, akunjanja mpira, ndipo kochi akangotembenuka ankatsamira mpando pang'ono chabe. Tawina akaona zimenezo, misozi inkabwera yokha.

Mameseji nawo anayamba kubwera, masana madamu akagona.

"Duwa langa la ku Nuaija, wadya? Usangodyetsa ana a eni."

"Ndadya. Inu bondo?"

"Siya 'inu'. Ndine wako. Bondo likamva dzina lako limapola."

"Bodza."

"Wallahi. Ndaima pa geti maola onsewa, koma mtima uli kukhitchini kwa madamu ako, ukutsuka mbale."

Tawina ankaseka yekha, foni ataibisa m'thumba la epuloni. Akamaliza kuyeserera Lachisanu, ankagula tiyi wamkaka wotchedwa karak n'kukhala pamthunzi kuseri kwa sitolo ya nsalu. Sankagwirana manja pagulu, pakuti kuno si kwathu, koma Gomezgani ankamuuzira tiyi kuti azizire asanamupatse.

Asiyatu yekha ndiye sankasangalala. Poyamba Flora anali iyeyo, ndipo anasiya yekha osanena chifukwa. Tsiku lina akumuyesa Tawina yunifolomu ya unamwino, anamubaya ndi phini m'chiuno.

"Mwandibaya, achemwali."

"Ima bwino. Ukungovinavina ngati wapata mwamuna."

"Ndakulakwirani chiyani?"

"Ine? Palibe. Koma kamufunse Edwin wakoyo chifukwa chake Lachisanu m'mawa foni yake imakhala busy mpaka dzuwa kukwera."

"Amalankhula ndi mayi ake."

"Eya. Inenso anandiuza choncho. Ndi gilisilini yemwe anandigulira."

Tawina anakankha dzanja la Asiyatu.

"Nsanje idzakuphani, achemwali. Munasiya nokha. Musandiipitsire zanga."

Asiyatu analuma ulusi n'kuulavulira pansi.

"Mafi mushkila, palibe vuto. Udzandifuna."

Madzulo omwewo Tawina anamufunsa Gomezgani. Iye anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Asiyatu? Ndinangomuthandiza ngati mlongo, iye n'kuyamba kulota ukwati. Tandiyang'ana m'maso, Tawina. Palibe chimene ndikukubisira. Ndilibe wina, kuno kapena kwathu. Ngati ndikunama, bondo linzakeli lithyokenso."

Tawina anamuyang'ana m'maso. Munalibe chilichonse chokayikitsa.

Nthawi imeneyo n'kuti kontirakiti ya Tawina ikutha. Anali atauza kale mayi ake ku Dedza kuti mu Ogasiti akubwera, ndipo mayiwo ankatumiza mawu pa foni pafupipafupi: "Mwanawe, chipinda chako ndazira. Ndayalamo mphasa yatsopano. Nkhuku ija sindikupha mpaka ufike."

Nyumba ya ku Nuaija sinali yoti munthu n'kuikhumbira. Madamu ankamukalipira ngakhale chifukwa cha fumbi lobwera ndi mphepo, ndipo ankamuitana ndi belu ngati alibe dzina. Tawina ankapirira chifukwa ankadziwa kuti mapeto ali pafupi.

"Usapite," anatero Gomezgani, atamva. "Rinyuwa kontirakitiyo. Yanga yatsala zaka ziwiri."

"Zaka ziwiri zina m'nyumba ija?"

"Chifukwa cha ine, wokondedwa. Ukapita ndiuma ngati udzu wa m'chipululu muno. Tidzakwere ndege imodzi. Tikadzangotera, amalume anga adzafika ku Dedza ndisanavule n'komwe nsapato. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu."

Mawu otsirizawo ndi amene anamugonjetsa. Munthu angatchule Mulungu pa bodza?

Lachinayi madamu anamuimitsa pakhonde.

"You stay, you go? Saturday you tell me. Khalas."

"Yes, madam."

Mumtima anali atasankha kale kukhala. Chimene chinkamulemera chinali choti akawauza bwanji mayi ake za mphasa ija.

Mawa lake, Lachisanu, tsiku la chikondwerero linafika. Holo imene anabwereka inadzaza ndi Amalawi: alonda, madalaivala, atsikana a m'mahotela ndi a m'nyumba, ena atavala zitenje za mbendera. Sewero linayenera kuyamba msanga kuti a m'nyumba abwerere dzuwa lisanalowe. Katani inali mashiti awiri akale a ku hotela ya Asiyatu. Kutsogolo, Ajibu, woyendetsa mwambo, anaimika foni pa kamtengo kuti abale a kumudzi aonere pa Facebook.

Gomezgani ankayendayenda kuseri kwa katani atavala jezi yofiira ya nambala naini.

"Link ndatumizira anyamata onse amene tinkasewera nawo," anauza Ibrahim monyadira. "Aone kuti naini sanafe."

Gawo loyamba linayenda kuposa mmene anayesera. Ibrahim, monga kochi, ankaloza Edwin ndi wezulo.

"Bondo? Ine ndikufuna chikho, iwe ukundiuza za bondo? Anyamata ofuna malo ako ali pamzere. Ukhala pa benchi, ukhalanso kunja kwa kalasi!"

"Mfiti iwe!" anakuwa mayi wina kumbuyo, anthu n'kuseka.

Koma Edwin atayankha kuti, "Ndilowa, kochi, ndili bwino," akumwetulira, kenaka n'kugwira mpando mwakachetechete kochi atatembenuka, kuseka konse kunatha. Alonda amene amaima tsiku lonse miyendo itatupa, n'kumauza bwana kuti ali bwino, anayang'ana pansi. Flora atamufunsa za mabala a jakisoni, Edwin anamugwira mapewa.

"Tandiyang'ana m'maso, Flora. Palibe chimene ndikukubisira."

Tawina anadzidzimuka pang'ono. Mawu amenewo sanawanenepo poyeserera. Koma anthu anaombera m'manja, ndipo gawolo linatha Edwin atagwa pakati pa bwalo.

Pa nthawi yopuma, Asiyatu ankamuveka Tawina kachipewa ka unamwino, osalankhulana. Kunja Ajibu anatenga maiki.

"Abale, akumudzi akuonera, ndipo moni wachuluka ngati pa wailesi. Tiwerengeko pang'ono. A Jamilu ku Mangochi akuti moni kwa Ibrahim, koma asiye nkhanza." Anthu anaseka. "A Mwajuma ku Liwonde akupereka moni kwa onse a ku Al Nasr. Eee, uwu ndiye wokoma. Wachokera ku Rumphi, kwa mayi Walije. Akuti, 'Anzawo a mpira atibweretsera foni kuti tione. Moni kwa amuna anga a Gomezgani, bambo a Chiza. Chiza akulira kuno, akuti adadi apwetekedwa. Chonde amuuze kuti ndi sewero chabe. Tawasowa kwambiri.'"

Holo yonse inalulutira.

"Bambo a Chiza, tulukani!" anaitana Ajibu. "Mwana akulira uko. Bwerani mumubayibitse."

Kuseri kwa katani, manja a Asiyatu anaima pamutu pa Tawina. Gomezgani anali chiimire pafupi ndi benchi. Anayang'ana Tawina, anayang'ana katani. Anthu anayamba kuimba dzina lake.

Anatuluka.

Tawina anamumva bwinobwino, ndi mawu ofewa omwe aja ouzira tiyi.

"Chiza, mwana wanga, usalire. Dadi ali bwino. Ona, ndikudumpha. Umvere amama, wamva?"

Atabwerera, nkhope yake inali ngati phulusa.

"Tawina, ndimvere kaye. Zinthu zake n'zovuta. Ine ndi mayi uja..."

"Usamutchule 'mayi uja'," anadula Asiyatu. "Ali ndi dzina. Holo yonse yalimva."

"Iwe usalowerere."

"Ndilowerera. Galu iwe. Unkafuna mwanayu akolope zaka ziwiri zina kuti uzipeza wokusekerera Lachisanu?"

"Tawina, duwa langa, zimene ndinkakuuza zinali zochokera mumtima. Kuno munthu umasungulumwa. Ndikanakuuza, ndinkangodikira nthawi yabwino."

"Liti?" anafunsa Tawina. Mawu ake anali aang'ono kwambiri. "Loweruka, nditamuyankha madamu?"

Gomezgani anakhala pa benchi n'kuyamba kukulunga bandeji pa bondo.

A Wickson anasuzumira, thukuta lili kamukamu, osadziwa chilichonse.

"Yalla, yalla, gawo lomaliza. Edwin, pabedi. Flora, ukumbukire: ukhululuke, umulonjeze, anthu alire, tizipita."

Atachoka, Asiyatu anamugwira Tawina dzanja, koyamba chidziwirane.

"Ngati sungathe, vula yunifolomuyo. Ndilowa ine. Ndimudziwa Flora."

Tawina anatseka maso. Sanapemphe zambiri. Anangoti, "Ambuye, ndigwireni miyendo." Kenaka anakonza kachipewa kake.

"Ndilowa ndekha, achemwali."

Bedi la chipatala linali mabenchi awiri ofunditsidwa shiti. Edwin anagona pamenepo, bondo litakulungidwa bandeji. Flora analowa atanyamula jagi ya madzi ndi kapu, n'kuima kumiyendo.

"Flora," anayamba Gomezgani, ndipo mawu ake ankanjenjemera zenizeni. "Ndinakunamiza. Ndinkaopa kuti ukadziwa zoona undisiya. Aliyense ankafuna kanthu kwa ine, kochi, bambo, anthu akumudzi. Iwe wekha ndi amene unkandifunsa ngati ndikumva kuwawa. Ndikhululukire."

Apa m'pamene Flora ankayenera kugwada n'kulira. A Wickson, ali m'mbali, anagwedeza mutu kumulimbikitsa.

Tawina sanagwade.

"Ndinakufunsa," anatero. "Sindinamve kwa anthu n'kukhulupirira. Ndinabwera kwa iwe, ndinakufunsa. Unati ndikuyang'ane m'maso."

"Ndinalakwa."

"Wina anandichenjeza, ine n'kumutukwana chifukwa cha iwe. Unatchula Mulungu, Edwin. Kochi anakukakamiza kulowa m'bwalo, ndamva, ndipo zinandimvetsa chisoni. Koma kutchula Mulungu anakukakamiza ndani?"

A Wickson anayamba kukupiza manja, milomo ikunena mosatulutsa mawu kuti, khululuka, khululuka.

Gomezgani anadzuka pang'ono n'kumugwira dzanja.

"Ndidikire, Flora. Chonde. Ndikonza zonse. Popanda iwe sindingathe."

Tawina anayang'ana dzanja lakelo. Ming'alu ija inali itayamba kupola. Analichotsa pang'onopang'ono.

"Kochi ankafuna bondo lako kuti apeze chikho. Iwe unkafuna zaka zanga. Mukusiyana pati?"

"Flora..."

"Amayi anga akundidikira. Iwenso alipo amene akukudikira, amene akulira ukagwa. Uwakumbukire."

Anathira madzi m'kapu n'kuika pampando, pafupi pomwe wodwala angafikire osadzuka. Anakokera shiti kuti ifunde phazi limene linali pamtunda. Kenaka anaweramira pang'ono.

"Bondo lipola. Uzimwa madzi. Koma ine sindikudikira."

Anatembenuka n'kutuluka, osathamanga.

Mayi wa kumbuyo uja anaimirira.

"Wachita bwino, mwana iwe!"

Holo inaphulika. Atsikana a m'nyumba ankalira poyera, ena akuombera m'manja pamwamba pa mitu. Pabedi paja Gomezgani anaphimba nkhope ndi mkono, mapewa akugwedezeka, ndipo anthu anaomberanso kwambiri poona mmene mnyamatayo amadziwira kusewera. Ibrahim yekha, ataima m'mbali ndi wezulo yake, ndiye sanaombe.

A Wickson anathamangira kuseri.

"Mwanangu, wandiphera mathero anga! Koma... aaa. Mwina ndi momwe amayenera kuthera. Unaziganiza liti zimenezi?"

"Lero lomwe, bambo."

Kunja Ajibu anali atayambanso kuwerenga.

"Mameseji akugwa ngati mvula, abale. Mayi Walije a ku Rumphi abweranso. Akuti, 'Mtsikana wosewera Florayo ndi katswiri. Ndalira naye limodzi. Mumuuze kuti Mulungu amudalitse.'"

Pamenepo m'pamene Tawina anakhala pansi, pa simenti, yunifolomu ili m'thupi. Asiyatu anamuchotsa kachipewa, n'kumumasula maphini mmodzimmodzi mosamala kuti asamubaye.

"Pepani, achemwali," anatero Tawina. "Ndinakunenani za nsanje."

"Nsanje inalipo," anayankha Asiyatu. "Usandiyese mngelo. Za mkazi sindinkadziwa, ndinkangonunkhiza. Dzuka, basi ikusiya. Madamu ako sadziwa za masewero."

Anamuperekeza mpaka pa siteji ya basi, ngakhale kuti Al Nasr inali njira ina. Anamugulira madzi ozizira ndipo anaima naye podikira basi. Foni ya Tawina inkangonjenjemera m'chikwama.

"Duwa langa, yankha."

"Usapange chisankho uli wokwiya. Tikambirane Lachisanu likudzali."

"Ndimakukonda, wallahi. Usandisiye ndekha m'dziko lino."

Anawerenga onse atatu. Kenaka anapatsa Asiyatu foniyo.

"Mumatseka bwanji nambala kuti isamalowe?"

Asiyatu anamuonetsa. Sizinatenge nthawi.

Loweruka m'mawa belu linalira. Tawina anapeza madamu ali pa tebulo, akumwa khofi.

"So?"

"I go home, madam."

Madamu anakalipa, anati ndi wosayamika, anati atsikana ofuna ntchito ndi ambiri. Tawina anaima manja ali kumbuyo mpaka mawu anatha. Atabwerera kukhitchini anapeza kuti wophika wa ku Sri Lanka, amene sankalankhula naye kawirikawiri, wamusungira chapati ziwiri pansi pa mbale.

Masana, nyumba itagona, analowa m'kachipinda kake n'kujambula mawu opita ku Dedza.

"Amayi, ndine. Mphasa ija musaipinde. Ndikubwera mu Ogasiti momwe tinanenera. Mawuwa asakudabwitseni, ndi chimfine cha ma AC."

Kabotolo ka gilisilini kanali pawindo, katatsala theka. Anakanyamula kuti akataye, koma anayang'ana zala zake n'kukabwezera pomwepo. Mafutawo analibe mlandu, ndipo zochapa zinali zikadalipo mpaka Ogasiti.

Kenaka anagwada. Anathokoza chifukwa cha Asiyatu, chifukwa cha chapati, chifukwa cha miyendo imene sinamugwetse pa siteji. Anapempherera Walije, mayi amene anamudalitsa osamudziwa. Anapempherera Chiza, kuti asamalire akaona bambo ake atagwa.

Panatsala dzina limodzi. Anayesa kulitchula, koma analephera. Anakhala chigwadire kwa kanthawi, misozi ikugwera pa matailosi.

"Winayo mukumudziwa kale, Ambuye," anatero. "Lero sindingathe."

Belu linaliranso. Anapukuta maso ndi epuloni, n'kudzuka.